Makina a ku Limbe Asankha Mkamwini

Kwa Chimbalanga, Mphunzi, Dedza
14 Januwale 1991

Okondedwa achimwene Eustace,

Kuno kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka n'komwe, ndipo mvula ikungowaza kuyambira mbandakucha. Amayi ati lero kumunda kulibe. Ndiye ndakhala pakhonde m'mawa uno, chitenje m'mapewa, kuti ndikulembereni.

Kaya inu ndi alamu a Bernadetta muli bwanji ku Limbeko? Ife tili bwino, kungoti bondo la amayi lija limawavuta kukazizira. Chimanga tabandira chonse. Kachewere wa kudimba wachita maluwa. Sopo uja munatumiza pa Khirisimasi watha, mukapeza mpata mutikumbukire.

Nkhani imene amayi andituma ndi iyi. Pandekha sindikanailemba. Kwabwera anthu a mbali ziwiri kudzafunsira mbeta, ndipo mbetayo akuti ndine. Oyamba ndi amalume awo a Linus. A Linuswo ndi aphunzitsi a Sitandade 6 pasukulu yathuyi, omwe aja amatibweretsera makalata anu akafika m'thumba la sukulu. Achiwiri ndi amalume awo a Anselmo a kutsidya kwa mtsinje, amene munkasewera nawo mpira wachikulunga muli ana.

Onsewa anapita kwa amalume Bonifasio monga mwa mwambo. Koma amalume makutu anatheratu. Anthu akunena za ukwati, iwo akuyankha za fodya. Pomaliza anati, "Ine ndakalamba. Mwini mbumba tsopano ndi Eustace. Mlembereni, chimene anene ndi chomwecho."

Amayi anandifunsa kuti, "Nanga iwe mtima wako uli kuti?" Ine ndinangoyang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi chala. Anati, "Mwana uyu! Tsiku lobadwa lomwe sanalire, azamba anachita kumutsina." Ndiye akuti muweruze ndinu. Ankhoswe onse awauza kuti adikire Pasaka ipite, poti m'Lenti simuyenda za ukwati.

Kwina konse kuli bwino. Chitseko cha kukhitchini chija chinkagwa, munthu wina anadzachikonza ife tili kumunda. Sanapemphe kanthu. Tsopano chimatsekeka osachita kuchinyamula.

Ndine mlongo wanu,
Felista

Limbe
28 Januwale 1991

Mlongo wanga Felista,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaseka mpaka alamu ako kundifunsa ngati ndalawa kachasu. Kamwana kaja kankabisala kuseri kwa nkhokwe alendo akabwera, lero anthu akupanikizana pakhomo chifukwa cha iko! Ife tili bwino. Sopo ndi mchere ndidzapatsira dalaivala wathu wa lole ya ku Dedza.

Nkhani yako yafika pa nthawi yake. Kuno kuntchito abwana agula kompyuta. Ndi bokosi lokhala ndi galasi kumaso, patsogolo pake pali mabatani ngati a makina otaipira makalata, ndipo zilembo zake zimawala mobiriwira. Anatitumiza anthu awiri kukaiphunzira, ine ndi mnzanga Timoteyo, koma woigwira bwino ndine. Usauze anthu kuti ndikudzitama.

Ukudziwa kuti kampani yathu imaperekera sopo, mchere, mafuta ophikira ndi machesi kumagolosale a m'maboma. Kale, kuti abwana adziwe kotumiza lole, ine ndi Timoteyo tinkatha sabata yathunthu tikuwonkhetsa malipoti a ogulitsa athu mpaka maso kuchita chidima. Lero pagalasipo pamabwera timabokosi tondandana ngati malesa a njuchi. Boma lililonse lili ndi mzere wake, katundu aliyense kabokosi kake. Ndikalowetsa manambala n'kudina batani limodzi, yokha imawonkhetsa n'kusanja maboma, logula kwambiri pamwamba, lotsalira pansi. Ndaiphunzitsanso kuti mchere ukatsala pang'ono mosungira katundu izitichenjeza yokha. Masiku ano abwana salamula kanthu asanafunse kuti, "Eustace, makina akuti bwanji?"

Ndiye ndaganiza motere. Munthu akamaweruza ndi mtima amakondera. Anselmo ndi mnzanga wakale, a Linus ndi ophunzira anzanga, ndingalakwire mmodzi. Makina alibe mnansi. Ndakuikira pepala la mafunso khumi, funso lililonse mabokosi awiri, lina la a Linus lina la Anselmo. Nyumba ndi ya malata kapena ya udzu? Njinga ilipo? Mbuzi? Nkhokwe ndi yaikulu bwanji? Amamwa? Amayi ake ndi munthu wotani? Khadi la chipani ali nalo? Ndi ena otero. Upite ukaone ndi maso ako, usalembe zongomva. Ukabweza ndidzalowetsa m'makina nthawi ya nkhomaliro, abwana atatuluka.

Alamu ako akuti ndachita misala. Ndawauza kuti makina amene akuyendetsa malole a kampani yonse sangalephere kuyendetsa mkamwini mmodzi.

Kachewere akakhwima musandiiwale. Wa kuno ndi wamadzimadzi.

Mchimwene wako,
Eustace

Kwa Chimbalanga
10 Febuluwale 1991

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Ife tadzuka, mvula ikugwa usana ndi usiku. Ndakubwezerani pepala lanu. Mundikhululukire, ndachita zimene ndinatha.

Kwa a Linus ndinapita Lachiwiri ana ataweruka. Sikunali kovuta. Nditawauza kuti mwandituma ndinu ndiponso kuti mayankho akalowa m'kompyuta, anavala jekete. Anandionetsa zonse, ngakhale zimene simunafunse. Nyumba ndi ya malata, koma ndi ya sukulu. Njinga ili ndi belu ndi galasi loonera kumbuyo. Ali ndi wailesi yofunda kansalu koluka. Mbuzi zili kwawo ku Bembeke. Amayi awo anali pomwepo, anabwera kudzacheza, ndipo ndinakhala nawo pamphasa n'kudya nawo mapichesi. Ndi mayi abwino. A Linus ndi munthu wabwinonso, kungoti amalankhula kwambiri. Anandiuza kuti ndimameza mawu. Anati, "Felista, munthu polankhula azitsegula pakamwa kuti wa kumbuyo kwa kalasi amve." Ndinati chabwino. Anati, "Mwati chiyani?"

Ananenanso kuti akakwatira adzapempha chitengwa, mkazi azidzawatsata kulikonse kumene boma liwatumize, kaya ku Salima kaya ku Mchinji. Kodi makina anuwo amafunsanso kuti amayi adzatsala ndi ndani?

Za kutsidya sindinathe. Ndinanyamuka Lachinayi, pepala m'thumba. Nditafika pamtsinje ndinaona amayi awo akuchapa pamwala, ndiye ndinabwerera asanandione. Loweruka ndinayesanso. Ndinawoloka ndithu, koma ndinamva mawu awo akubwera m'njira ndi mtolo wa nkhuni, ndipo sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ndinangopezeka ndili m'chimanga cha eni ake, nditanjuta. Ndinakhala momwemo mpaka anapitirira. Ndinabwera kunyumba chisoso chili thoo m'chitenje. Munati ndisalembe zongomva, ndiye mabokosi a mbali imeneyo ndawasiya osalemba. La khadi lokha ndalemba konsekonse. Limenelo silifuna kupita kukaona, munthu wopanda khadi angalowe bwanji mumsika?

Sabata yatha mtsinje unadzaza amayi ali kudimba. Munthu wa chitseko uja anawawolotsa atawabereka, kenaka anabwereranso kukatenga khasu ndi dengu. Amayi akuti njira yonse sanalankhule kanthu, anangoti, "Gwiritsitsani, amayi." Kachewere wathunso wapoperedwa mankhwala. Ife mpope tilibe.

Ndine mlongo wanu,
Felista

Limbe
25 Febuluwale 1991

Mlongo wanga,

Tili bwino, kaya inu. Ntchito yatheka! Ndinalowetsa zonse Lachisanu, Timoteyo atandilondera pakhomo. Funso lililonse ndinalipatsa mamalikisi khumi, onse pamodzi zana, monga mayeso a kusukulu. Nditadina batani sipanapite nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. A Linus 82. Anselmo 10.

Ndasindikiza pepala loti amayi ndi amalume aone. Ndi lija lili ndi timabowo m'mbali monsemo. Makina osindikizira amalira ngati nyenje, ndinachita kutsokomola dala kuti a mu ofesi ina asamve.

Anselmo ndamumvera chisoni. Sindinkadziwa kuti zinthu zinamuthina chotero. Mabokosi amene unasiya ndawasiya momwemo, poti munthu ukasowa cholemba ndiye kuti kunalibe choona. Ndaonanso kuti za a Linus walemba tsamba lathunthu, pamene kwa Anselmo sunafune n'kufikako komwe. Apa makina ndi mtima wako zagwirizana. Usachite manyazi, mlongo wanga, ine ndamva.

Munthu amene akukuthandizani pakhomoyo ndikuganiza kuti ndi a Linus omwewo. Anthu ophunzira sakonda kudzionetsera. Ndawawonjezera mamalikisi pa khalidwe.

Funso lako la amayi ndi labwino, koma pepala linalibe bokosi lake. Tidzaona m'tsogolo.

Uwauze amalume kuti mawu anga ndi amenewo. Aitane ankhoswe a a Linus Pasaka ikangopita.

Mchimwene wako,
Eustace

Kwa Chimbalanga
10 Malichi 1991

Okondedwa achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu inafika, ndipo anabwera nayo ndi a Linus eni ake. Amayi anawapempha kuti awawerengere pepala la timabowo lija, poti ine ndimawerenga motsitsa. Anawerenga ataimirira. Atafika pa 82 anabwereza kawiri.

Amayi alikhoma kukhoma, pafupi ndi chithunzi cha Mtima Woyera. Anthu akubwera kudzaliona. Amayi ena a m'Limana mwathu, kagulu kathu ka kutchalitchi kaja, anafunsa ngati makinawo angawaonerenso mwamuna wawo, ngakhale anakwatirana kalekale, kuti angodziwa. Amalume analigwira nthawi yaitali, analinunkhiza, n'kunena kuti ndi pepala labwino, lopyapyala. Apangana kuti ankhoswe a a Linus abwere Lamulungu lotsatira Pasaka, pa 7 Epulo, tikachoka ku Misa.

Ngati makina atero, ndipo inu mwatero, ine ndinganenenji? Inu munapita patali ndi sukulu, ine ndinalekera Sitandade 7.

Chinthu chimodzi chokha. Chitseko chija sanakonze ndi a Linus. Iwo nyundo amaigwira ngati choko. Amene anawolotsa amayi si iwonso, tsiku limenelo anali m'kalasi. Sindikunena kuti musinthe mamalikisi. Ndangofuna kuti mudziwe.

Munthu uja sakubweranso. Nkhani ya pepala inawoloka mtsinje tsiku lomwelo. Lero m'mawa ndinamuona patali kutchalitchi, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo anatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Kachewere tiyamba kukumba sabata ya mawa. Wabereka bwino chaka chino. Thumba lanu tisunga. Amayi akuti ndikuonda, koma ndi ntchito chabe.

Ndine mlongo wanu,
Felista

Limbe
19 Malichi 1991

Mlamu wanga Felista,

Ndine Bernadetta. Kalata iyi ndaikulunga m'katikati mwa sopo, dalaivala akusiyira pagolosale ya pamsewu. Achimwene ako sakudziwa kuti ndalemba, ndipo usawauze, angaiike m'kompyuta.

Iwe mtsikana iwe! Makalata ako ndawerenga onse atatu, amuna anga atapita kuntchito. Ndaseka, kenaka ndakwiya. Ukufuna kupita ku Salima kukaphunzitsidwa kutsegula pakamwa moyo wako wonse?

Tamvera ndikuuze. Nthawi imene achimwene ako ankandifunsira, ndinakumana ndi amayi ako panjira ya kuchigayo. Ndinalumphira patchire, osaona kuti pali chitedze. Ndinakanda thupi mpaka Lamulungu. Chaka chomwecho kunali kalaliki wina amene ankandifunanso. Amayi ake ndinkawapatsa moni wa padzanja, kucheza nawo, kuwasenzetsa mtsuko. Ndinawathawirenji? Sanali apongozi anga, ndipo mtima unkadziwa kuti sadzakhala. Mkazi sathawa amayi a mwamuna amene sakumufuna. Iwe kwa a Linus unakhala pamphasa n'kumatafuna mapichesi. Kutsidya unakanjuta m'chimanga ngati nkhwali. Ndi mkazi uti wa ku Dedza amene sangamve zimenezi? Amayi ako akanamva kale, koma maso awo ali pa pepala la timabowo.

Ndinawauza achimwene ako. Anati, "Bernadetta, chimanga si nambala. Ndichilowetsa bokosi liti?" Ndinati, "Bokosi lomwe munalowetsa chitedze changa." Anangoseka n'kupita kuntchito. Mwamuna ameneyu ndimamukonda, koma chibwerereni makina aja akufuna kuwerenga ndi nyemba za mumphika zomwe.

Tsono mvera. Ine sindiuza amayi, sindiuza amalume. Dzina limenelo lili m'kamwa mwako, ndipo wolitulutsa ndiwe. Tsiku la ankhoswe adzakuitana ndithu kuti uvomere pamaso pa anthu, mwambo umatero. Kompyuta sidzakhala pamphasapo. Sidzapitanso ku Salima. Ukadzangoti chete, chaka chamawa usadzandilembere zodandaula, ndidzakubwezera kalata yako osaitsegula.

Sopo wofiirayo ndi wako wekha, usachapire. Usambe, udzole, udye. Mkamwini safuna kupeza mafupa.

Mlamu wako wokukonda,
Bernadetta

Limbe
26 Malichi 1991

Mlongo wanga Felista,

Ndikulemba mothamanga, uwerenge msanga.

Kuntchito kwandionekera zakuda. Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinapatsa abwana pepala la maboma, ndipo Nsanje inali pansi penipeni, makina akuonetsa kuti kumeneko sitinagulitse kanthu miyezi iwiri. Abwana anati, "Tikuonongeranji mafuta? Lole ya ku Nsanje izipita ku Mulanje." Anasaina. Ine ndinayenda monyada tsiku lonse.

Dzulo m'mawa kunalowa bambo wina mu ofesi, matope mpaka m'mawondo, atanyamula jumbo. Anali wogulitsa wathu wa ku Nsanje. Madzi anadula msewu, malipoti ake sankatha kufika kuno, ndiye anawasunga m'jumbomo. Titawalowetsa, Nsanje inalumpha kuchoka pansi kufika pachiwiri. Anthu kumeneko akulira mchere, ife tawalanda lole.

Abwana anandiitana n'kutseka chitseko. Ndinati makina alakwa. Anati, "Makina sanalakwe. Unawapatsa bokosi lopanda kanthu, iwo anawerenga kuti ziro. Bokosi lopanda kanthu silinena kuti kulibe, Eustace. Limanena kuti sitinamve. Ukapanda kumva umatani?" Ndinati umafunsa. Anati, "Ndiye kafunse, usanandigwetsere kampani." Ntchito sanandichotse, koma Timoteyo akunditcha Bwana Nsanje.

Madzulo ndinakhalira kukonza pulogalamu ija. Tsopano ikapeza bokosi losalembedwa siwonkhetsa, imaima n'kulemba mawu akuti FUNSANI. Nditamaliza ndinakumbukira pepala lako. Ndinalilowetsanso. Mbali ya a Linus inatuluka monga kale. Mbali ya Anselmo, kupatula bokosi la khadi, kuchokera pamwamba mpaka pansi, FUNSANI, FUNSANI, FUNSANI.

Nditafika kunyumba ndinawauza alamu ako. Anangondiikira madzi osamba akuimba nyimbo ya Aleluya, chonsecho tili m'Lenti.

Felista, Anselmo ndinamuyesa Nsanje. Iwenso sindinakufunse, ndinangokutuma kukawerenga mbuzi. Ndiye ndikufunsa tsopano: ukufuna ndani? Uwauze amayi ndi amalume kuti pepala lija ndalikana ine mwini wake. Ankhoswe asabwere pa 7 mpaka utandiyankha. Ine sindingathe kubwera, abwana akuti Pasaka yonse ndikhale ndikukonza za malole.

Mchimwene wako wopusa,
Eustace

Kwa Chimbalanga
10 Epulo 1991

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu anga. Mvula yatha, kunja kwayera, ndipo mphepo ya kuphiri yayamba kuluma m'mawa.

Kalata yanu ya pa 26 Malichi yafika lero. Sukulu inali yotseka chifukwa cha Pasaka, ndiye inangogona m'thumba mu ofesi ya ahedi. Choncho pa 7 paja ankhoswe anabwera ndithu. Musadandaule. Khalani pansi ndikuuzeni.

Titachoka ku Misa amayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi. Kunabwera amalume awo a Linus ndi munthu wina wowaperekeza, atanyamula tambala woyera. A Linus anakhala poteropo pampando, atavala jekete lija. Amalume Bonifasio anakhala pakati, pepala lanu lili m'manja chadodolido. Anthu a m'mudzi anadzaza kuseri kwa mpanda, ati akudutsa.

Ine ndinali m'khitchini, nditagwira chitseko chija. Kalata ya alamu inali m'thumba la diresi.

Analankhula zawo zonse, kenaka anandiitana. Ndinagwada kumapeto kwa mphasa. Amalume anati, "Mwana wa mlongo wanga, makina a ku Limbe anena, mwini mbumba wanena. Koma mwambo ndi mwambo. Tchula wekha dzina la mwamuna amene ukumufuna, tonse timve."

Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Amayi anandigunda ndi chigongono. "Tchula, iwe, anthu adye."

Ndinatchula, koma pang'onopang'ono. Anamva ndi amayi okha. Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati aona munthu wachilendo.

Amalume anaika dzanja kukhutu. "Ati chiyani?"

Ndinabwereza, mokwezako pang'ono. Amalume awo a Linus anasiya kumwetulira. Koma amalume athu anangogwedeza mutu mokondwa n'kunena kuti, "Eya, Linus! Wanena bwino. Bweretsani tambalayo." Anatambasula manja kuti alandire.

Achimwene, sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Ndinaona manja a amalume atatsala pang'ono kugwira miyendo ya tambala, ndipo ndinaimirira. Ndinakuwa. Ndinati, "ANSELMO, AMALUME! NDATI ANSELMO!"

Tambala anapulumuka n'kukwera padenga. Agalu anauwa mpaka kutsidya. Kuseri kwa mpanda wina anagwetsa ndowa.

Amalume anandiyang'ana, pakamwa pali yasa. Anati, "Ndamva! Anthu inu, ndamva! Chaka chino mawu oyamba kundilowa bwinobwino m'khutu ndi amenewa. Nonsenu mumangong'ung'udza."

Amayi anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Kulira kuja unakana tsiku lobadwa, unkasungira lero?" Kenaka anandikokera pansi n'kundinong'oneza kuti, "Nanga osanena bwanji, chitsiru iwe? Munthu anandibereka pamsana ine, ndimati mwina sukumufuna poti kwawo sufikako." Ndinati, "Amayi, inu kwa apongozi anu munkafikako?" Anagwira pakamwa. Anati, "Ii, koma pepala lija linanditseka maso."

Amalume awo a Linus anakwiya ndithu. Anati anthu sayenda kuchokera ku Bembeke kudzakuwidwa. Amalume athu anawapepesa mwaulemu wonse, amayi anawadyetsa, ndipo anyamata atamugwira tambala anabwerera naye. Koma a Linus ndi munthu wabwino, monga ndinanenera. Ponyamuka anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Felista, zandipweteka, sindinama. Koma mwatchula momveka. Wa kumbuyo kwa kalasi wamva." Lero pobweretsa kalata yanu anandipatsa moni bwinobwino, ndipo anafunsa ngati kumene mumagwirako amaphunzitsa kompyuta kwa anthu akunja.

Ankhoswe a kutsidya anabwera Lolemba m'mawa, osachita kuitanidwa. Mwini wake akuti anamva kukuwa kwanga ali kudimba kwawo, khasu lili m'manja. Ine sindikhulupirira, mtunda umenewo ndi wautali, koma akuumirira. Titaonana pakhomo anangoti, "Ndinamva." Ine ndinati, "Eya." Amayi akuti nyumba yathu idzakhala yabata ngati tchalitchi Lolemba.

Mwafunsa, ndiye ndiyankhe mabokosi anu, ngakhale ndi zongomva, poti kutsidya sindinafikebe ndipo amayi awo ndikuwathawabe. Nyumba ndi ya udzu. Njinga ilipo, yopanda mabuleki. Mbuzi n'ziwiri, ina ndi ya mlongo wawo. Koma achimwene, zonsezi zitsala komweko. Mkamwini amabwera ndi manja ake. Amayi aloza kale malo omanga nyumba, kuseri kwa mtengo wa mapichesi, pomwe akhoza kutiitana bondo likawavuta. Mukadzakonzanso pepala la mlongo wa munthu wina, mudzaikemo bokosi la manja.

Pepala la timabowo musalifunse. Amalume analipempha, akupichirira fodya. Akuti limayaka bwino kuposa nyuzipepala, ndipo akuti muwatumizire lina, ngakhale la Nsanje.

Chinkhoswe chidzakhala tikakolola, ukwati kutchalitchi mu Ogasiti. Mubwere nonse. Inu mudzakhale pamphasa ngati mwini mbumba, makina muwasiye aziyendetsa malole. Alamu muwauze kuti sopo wofiira ndikusamba, ndipo ndikudya. Thumba lanu la kachewere tapatsira dalaivala.

Pamene ndikulemba pano, kuseri kukumveka nyundo. Munthu uja akukhoma zikhomo poyezera nyumba. Ayi, ndilembe bwino, poti mudzi wonse unamva kale. Anselmo akukhoma zikhomo.

Ndine mlongo wanu,
Felista

Ndamaliza kulemba lero Lachitatu, pa 10 Epulo, nthawi ili 4 koloko madzulo.